Mwana asamangokhala mu room ndi foni: komwe mungamutengere kuno ku Joni

Lamulungu lapitali titatuluka mu tchalitchi mtsikana wina wa kwathu ku Zomba anandikokera pambali, akuti asisi ndigaireni nzeru, mwana wangayu wakwana zaka 4 koma tsiku lonse amangokhala mu room ndi foni, ine ndimadzuka 5 koloko kupita kuntchito ku Bedfordview kubwera kutada, amene amandiyang'anira ndi a neba omwenso ali ndi zawo. Ndinakayang'ana kamwanako, kamnyamata kochangamuka bwino, chizungu cha mu ma cartoon chikutuluka ngati madzi, koma nditakafunsa kuti iwe dzina lako ndani kanangoti kukamwa yasa. Ndiye ndati m'malo momayankha mmodzi mmodzi pa geti la tchalitchi bola ndingolemba zonse pamodzi. Ine si mphunzitsi ayi, ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Turffontein, zambiri mwa izi ndinaziphunzira nditapsa kaye.

Tiyambe ndi mapepala, chifukwa kulikonse komwe mungapite ndi mwana kuno funso loyamba ndi lomwelo. Kabuku ka ku sikelo kaja, kuno amakatchula Road to Health, mukasunge ngati pasipoti. Ku kreshi akafuna, ku Grade R akafuna, ku Grade 1 akafunanso kuti aone ngati katemera anatha. Ngati mwana anabadwira kumudzi bwerani ndi kabuku ka kumudzi komweko, a nesi ku kiliniki amaona zomwe analandira kale ndi zomwe zatsala. Ngati wabadwira kuno, lamulo likuti kubadwa kwake kulembetsedwe ku Home Affairs pasanathe masiku 30, ana a ife obwera amapatsidwa pepala lopanda ID number koma pepala ndi lomwelo, musalipeputse. Mukatero pangani ma fotokope angapo a chilichonse, la kubadwa, kabuku ka sikelo, pasipoti yanu, mupite nawo ku polisi akadinde, kudinda ndi kwaulere musalole munthu wa panja pa geti akuuzeni kuti ndipatseni R50 ndikuthandizeni. Ine ndili ndi faelo ya pulasitiki pansi pa matiresi, ndipo pepala lililonse ndinalijambulanso pa foni nkudzitumizira ndekha pa WhatsApp, chifukwa ma room athuwa kudontha ndi moto sizichedwa.

Chomwe chimativuta ambiri ndi umboni wa komwe ukukhala. Tikukhala ku backroom, lendi timapereka pamanja, lisiti kulibe, dzina lako silili pa bilu ya madzi kapena ya magetsi. Chitani izi nthawi idakalipo, musadikire tsiku lomwe sukulu ikufuna: pemphani a landilodi akulembereni kalata yoti mumakhala pamalo pawo, akupatseni kope ya ID yawo ndi bilu ya khonsolo yaposachedwa, mupite ku polisi mukapange afidaviti, kalata yolumbira kuti zomwe mwanenazo ndi zoona. Amene mumagonera kuntchito kwa madamu, kalatayo alembe ndi madamuwo. Pemphani pa tsiku lomwe mwalipira lendi kumene, nkhope imakhala yowala tsiku limenelo kkkk.

Tsopano za zaka. Kumudzi tinazolowera kuti sukulu imatsegulira September ndipo ma teremu ndi atatu, kuno chaka chimayamba January kutha December, ma teremu anayi. Grade R ndi kalasi ya chaka chimodzi asanalowe Grade 1, ndipo kuchokera pomwe a Ramaphosa anasaina lamulo la za maphunziro lotchedwa BELA mu September 2024, Grade R si ya kufuna kwako ayi, ndi yokakamiza. Mwana ayenera kukhala ali mu Grade R chaka chomwe akukwanitsa zaka 6, koma atha kulowa msanga ngati akukwanitsa zaka 5 pofika 30 June chaka chimenecho. Ndiye mtsikana wa ku Zomba uja ndinamufunsa kaye kuti mwanayu anabadwa mwezi wanji, chifukwa wa March ndi wa October sali m'gulu limodzi. Langizo langa, ngati mwana ndi wamanyazi kapena sanayambe wakhalapo pagulu la anzake, musathamangire kuti alowe ali wamng'ono, chaka chimodzi chimenecho chimasintha mwana kwambiri.

Malo a Grade R mumakapempha ku sukulu komweko, kuyenda ndi miyendo kukatenga fomu ku ofesi, ndipo pitani chaka chisanafike pakati chifukwa makalasi ake ndi ochepa amadzadza msanga. Grade 1 ndiye nkhani ina, mu Gauteng muno Grade 1 ndi Grade 8 amalembetsa pa intaneti basi, pa webusaiti ya GDE admissions, ya dipatimenti ya maphunziro ya Gauteng. Amatsegula pakati pa chaka, mu 2025 anatsegula kumapeto kwa July nkutseka kumapeto kwa August. Mumasankha masukulu atatu mpaka asanu, ndipo amayang'ana kwambiri adiresi ya komwe mukukhala, ndiye musangosankha sukulu ya ku Sandton chifukwa yunifomu yake ndi yokongola inu mukukhala ku Rosettenville. Mukalembetsa mumapereka mapepala pasanathe masiku 7, kenako mumadikira SMS. Nambala ya foni yomwe mwalembetsera musaisinthe chonde, ife Amalawi ndi ma SIM sitichedwa. Ndipo apa ndi pomwe ine ndinapsa: ndinkaganiza kuti poti mwana ali kale Grade R pa sukulupo basi angopitirira Grade 1, ayi ndithu, umalembetsabe pa intaneti ngati wina aliyense. Ndinadziwa kwatsala masiku atatu kuti atseke, ndinathamanga ngati ndaba nkhuku.

Nanga amene mapepala anu sali bwino, pemiti inatha kapena mwana alibe pepala la kubadwa? Mverani bwino apa chifukwa ana ambiri a Chimalawi akukhala pakhomo chifukwa cha mantha a makolo. Gawo 29 la malamulo aakulu a dziko lino likuti maphunziro oyambirira ndi ufulu wa aliyense, silikuti wa nzika yokha. Mu December 2019 khoti lalikulu ku Makhanda, pa mlandu womwe anasuma a Centre for Child Law, linagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu ya boma chifukwa chosowa mapepala, afidaviti ya kholo yofotokoza kuti mwanayu ndi ndani ndi yokwanira. Sindikunama kuti kulikonse akulandirani ndi manja awiri, kalaliki wina atha kukubwezani pa windo pomwepo. Musakangane naye, pemphani mwaulemu kuonana ndi a hedi, akakana pemphani kuti akulembereni chifukwa chake pa pepala, mupite nalo ku ofesi ya district ya maphunziro. Zikavutabe kuli a Lawyers for Human Rights ndi a Section27 ku Braamfontein, nkhani ngati zimenezi ndi ntchito yawo. Kuli ngakhale pulojekiti ya Three2Six yomwe inayamba mu 2008 ku Sacred Heart College ku Observatory, yophunzitsa ana a anthu obwera omwe asowa malo, dzinalo linachokera poti ankaphunzira kuyambira 3 koloko mpaka 6 madzulo eni sukulu ataweruka.

Za fizi mwachidule. Masukulu ena a boma, makamaka a ku lokeshoni ngati Diepsloot, Alexandra, Orange Farm, ndi osalipira. A m'tauni ndi m'ma suburb ambiri ndi olipira, koma kuli fomu ya exemption yomwe ambirife sitiidziwa. Fizi ya pachaka ikaposa 10 peresenti ya ndalama zomwe makolo awiri mumapeza pachaka, simuyenera kulipira, ikachepera apo amatha kukuchotserani gawo. Mukaipemphe ku ofesi kumayambiriro kwa chaka, mutenge kalata ya abwana yonena malipiro anu kapena afidaviti ngati mumadalira maganyu. Pa Grade R funsani bwino chifukwa masukulu ambiri fizi yake amaiwerengera payokha. Sukulu ya boma siloledwanso kubweza mwana kapena kumumana lipoti chifukwa cha ngongole ya fizi. Safunsa anadya phula amayi anzanga.

Koma mwana wa zaka 2, 3, 4 sanafike konseko, ndiye tikambe za kreshi, mkombaphala wa kuno. Pa msewu uliwonse ku Rosettenville, Yeoville, Cosmo City pali nyumba yopentedwa zidole pa mpanda, ndipo si zonse zili bwino. Woyamba wanga ndinamuika pa ina yomwe inali pafupi komanso yotchipa, sindiitchula. Miyezi inayi mwana akubwera ndi chimfine chosatha komanso akuimba nyimbo za ma advert a pa TV, tsiku lina madamu anandimasula msanga ndinafika 11 koloko osauza munthu, ndinapeza ana oposa 30 ali mu garaja pa kapeti, TV ikulira, mayi mmodzi yekha ali pa foni, heater ya palafini ili pakati pa ana. Ndinamutenga tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo lamulo langa ndi ili, kreshi usaione pa tsiku lomwe akuitana, pita mwadzidzidzi cha m'ma 10 koloko m'mawa. Akakana kukulowetsa, wayankhidwa kale.

Mukalowa musatengeke ndi zojambula pa khoma. Pitani ku toilet kaye mukaone, pali madzi osamba m'manja? Ana aang'ono amagwiritsa ntchito chani? Kenako ku khitchini, funsani kuti lero adya chani ndipo muone ndi maso mu poto. Geti limakhala lokhoma? Amalola ndani kutenga mwana madzulo, aliyense wongoti ndine amalume ake? Werengani ana nkuwerenganso akuluakulu owasamala. Onani ngati pali pabwalo posewerera ngakhale pang'ono, ndipo mvetserani phokoso, kreshi yabwino imakhala ndi phokoso la ana akusewera ndi kuimba, ikakhala zii ngati maliro ndiye kuti ana akuopa kapena angoyang'ana TV. Funsaninso satifiketi ya kulembetsa ku boma, kuyambira April 2022 ma kreshi ali pansi pa unduna wa maphunziro osati wa Social Development ngati kale. Ambiri ang'onoang'ono sanamalize kulembetsa koma akuyesetsa, mwini wake woona mtima amakuuza pomwe wafika, wokwiya ndi funsolo ndi amene ndimamuopa.

Chinanso chomwe ife makolo timalakwitsa tokha, timafuna mwana wa zaka 3 azibwera ndi homuweki, azilemba A mpaka Z, tikaona kope yodzadza timati eee sukulu yake ndi imeneyi. Pa msinkhu umenewo dzanja silinakhwime, chomwe akufunika ndi kuumba, kung'amba mapepala, kudula ndi sizasi, kumanga ma block, kukwera, kuthamanga, kumvera nthano mpaka kumapeto, kudikira nthawi yake, kunena kuti ndikufuna ku toilet. Aphunzitsi a Grade R amakondwera ndi mwana wodziwa kumanga zipi ndi kutchula dzina lake lonse kuposa woloweza zinthu zomwe sakuzimva. Ndipo funsiranitu za ndalama zobisika, registration, stationery, outing, ndi graduation ija ya mu November yomwe kamwana ka zaka 5 kamavekedwa gauni ngati kamaliza ku Chancellor College, zithunzi zake zimakoma kutumiza kumudzi sindikana, koma mudziwiretu mtengo wake mu January.

Ngati kreshi ndalama sizikukwana, funsani m'dera lanu za ma playgroup a SmartStart, ndi amayi ophunzitsidwa omwe amasonkhanitsa ana ochepa pakhomo kapena mu holo ya tchalitchi ndipo mtengo umakhala wotsika. A Cotlands ali ndi zomwe amati toy library, laibulale ya zidole, ndipo a Afrika Tikkun ali ndi malo a ana ku Alexandra, Diepsloot, Orange Farm ndi Braamfontein. Malo amenewa amadzadza, kalembetseni dzina ngakhale akuuzeni kuti mudikire.

Za transport ya ana ndinene pang'ono. Kuno dalaivala wonyamula ana a sukulu amamutchula malume, ndinaseka tsiku loyamba poti kwathunso malume ndi malume, koma ameneyu si mlongo wa mayi ako ayi, ndi bizinesi. Muoneni ndi maso, onani galimoto, funsani laisensi ndi PrDP, chilolezo cha dalaivala chonyamulira anthu, imani pa msewu tsiku lina muwerenge ana omwe atsikamo. Akakhala kuti amanyamula 5 koloko m'mawa kuti azungulire tauni yonse, kamwana ka zaka 4 kakufika kali kotopa kale, bola kreshi ya pafupi yoyenda pansi.

Tsopano chinthu chomwe ndimachikonda kwambiri ndipo ambirife timangochidutsa: laibulale. Khonsolo ya Johannesburg ili ndi ma laibulale m'madera ambiri, Rosettenville, Yeoville, Hillbrow, Orange Grove, Sandton, Alexandra, Diepsloot, ndipo yaikulu ija ya pa Beyers Naudé Square m'tauni, ya chaka cha 1935, itatsekedwa zaka zingapo inatsegulidwanso mu 2025. Kulowa ndi kukhala pansi kuwerenga sikufuna khadi kapena ndalama. Kuti muzibwereka mabuku ndiye mumalembetsa, tengani faelo ija ya mapepala, mwana amakhala ndi khadi lakelake inu mumangosaina. Ine ndinkaopa kulowamo poganiza kuti ndi za anthu ophunzira, ndinalowa tsiku lina pothawa mvula basi, ndinapeza ngodya ya ana ili ndi timipando ting'onoting'ono ndi mabuku a zithunzi ambirimbiri. Funsani amayi a pa kauntala kuti story time imakhala tsiku lanji, ndiponso nthawi ya holide amakhala ndi pulogalamu yanji, chifukwa zimasiyana laibulale ndi laibulale ndipo zambiri amangomata pa chitseko. Holide ya June ndi July kukuzizira koopsa kuja, mu laibulale ndi mofunda kuposa mu room.

Bukulo likang'ambika musabise kapena kusiya kupitako chifukwa cha manyazi, kanenani, iwo anaona zambiri. Ndipo poti muli ndi wifi m'ma laibulale ambiri, gwiritsani ntchito mpata umenewo kudawunilodi nthano pa foni osawononga bandulo. Kuli Nal'ibali, yomwe inayamba 2012, ili ndi nthano zaulere zowerenga ndi zomvera m'zilankhulo za kuno. Kuli Book Dash, mabuku a zithunzi aulere okongola kwambiri. Koma ya ife kwenikweni ndi African Storybook, yomwe amayendetsa a Saide konkuno ku Johannesburg, chifukwa ili ndi nthano m'zilankhulo zambiri za mu Africa, Chichewa chili momwemo, mukasaka yesani Chichewa komanso Chinyanja. Tsiku loyamba kuwerengera mwana wanga buku la Chichewa pa foni anandifunsa kuti amama, kani chilankhulo chathuchi amalembanso? Mtima unandipweteka.

Amene kuwerenga chizungu kumakuvutani musadandaule, tengani buku la zithunzi muzifotokoza m'Chichewa zomwe mukuona, uyu ndani, akupita kuti, ukuganiza kuti chichitike ndi chani. Mwana sakuwerengerani ma mistake, akufuna kukhala pa miyendo panu. Ndipo musaganize kuti poti tili ku Joni sukulu ichita zonse, kafukufuku wa PIRLS wa 2021 anapeza kuti ana 81 pa 100 aliwonse a Grade 4 m'dziko lino sankatha kuwerenga momvetsa zomwe akuwerenga. Mphindi 10 asanagone, tsiku ndi tsiku, ngakhale mwatopa ndi kusita malaya a abwana.

Za kokayenda pa weekend. Ife a kum'mwera kuno tili ndi mwayi womwe sitiudziwa, James Hall Museum of Transport ili pa Rosettenville Road pafupi ndi Wemmer Pan, muli ngolo za ng'ombe, njinga zakale, magalimoto ozimitsa moto, mabasi osanjikiza ndi ma tram omwe ankayenda m'tauni muno mpaka 1961. Nthawi zomwe tapitako ife timangoponya kangachepe mu bokosi la chopereka. Kamnyamata kokonda magalimoto kumeneko simukatulutsa msanga. Lolemba ma museum ambiri amatseka ndiye musapite tsiku limenelo. Zoo Lake kulowa ndi ulere, pali abakha, malo osewerera ana, udzu woyala chitenje, Emmarentia chimodzimodzi, ndipo a kum'mawa muli ndi Rhodes Park ku Kensington. Tsidya la msewu wa Jan Smuts kuchokera ku Zoo Lake ndi Johannesburg Zoo, ya chaka cha 1904, kumeneko ndiye kolipira ndipo ndi kwakukulu, mwana wamng'ono mudzamubereka ndithu tengani chitenje. Koma kuona mwana yemwe wakhala akumva za mkango ndi njovu mu nthano akuziona ndi maso, ndalamayo simuidandaula.

Sci-Bono Discovery Centre ku Newtown, mu chinyumba chakale cha magetsi, mukatsika pa renki ya matakisi ya Bree mutha kuyenda pansi. Kumeneko ndi kwa sayansi koma kogwira ndi manja, mwana amadina, amapukusa, amakoka, palibe womukalipira kuti usagwire. Ndi kolipira, ndipo ine ndimaona kuti kumakoma kuyambira zaka 5 kupita m'mwamba. Ana okulirapo kuli dome yoonetsa nyenyezi ku yunivesite ya Wits, yomwe kale inali planetarium, ndipo okonda zisudzo kuli National Children's Theatre ku Parktown komwe amakhalanso ndi makalasi a Loweruka, koma izi zikufuna thumba lolemerako. Ife timachita chonchi, amayi asanu timasonkha pang'ono pang'ono ngati chipereganyu, mwezi uliwonse awiri omwe ali off amatenga ana onse, enawo ali kuntchito. Chakudya timanyamula, mpunga, mazira owiritsa, mandasi, sobo m'botolo la 2 lita, chifukwa chomwe chimadula si geti ayi, ndi chips ndi ice cream za mkatimo. Nyamukani m'mawa, nthawi yotentha kuno mvula ya ziphaliwali imakonda kubwera masana cha m'ma 3, ndipo mwana aliyense timamulemba nambala ya foni pa mkono ndi bolopeni tisanakwere takisi.

Kusambira ndikuikeni payokha chifukwa iyi si nkhani ya chisangalalo. Ambirife timagwira ntchito m'nyumba zokhala ndi swimming pool, ena timagona komweko ndi ana. Achimwene a ku Nkhata Bay ndi Mangochi musati ife ndi a kunyanja, inuyo ndi amene munakulira m'madzi, mwana wanu wabadwira ku chipatala cha Rahima Moosa sanaonepo nyanja. Kamwana kamamira mwakachetechete, sikakuwa ngati mu filimu, inu muli mkati mukukolopa. Ngati pool ya abwana ilibe neti kapena mpanda, nenani, musaope. Ma pool a khonsolo ngati Ellis Park, Zoo Lake ndi Linden ndi otchipa poyerekeza ndi a private, ambiri amatsegula nyengo yotentha yokha ndiye funsani kaye ngati ili yotsegula komanso ngati pali wophunzitsa ana. Ngati pali kalasi imodzi yokha yomwe mungalipire chaka chino, ine ndingati ikhale imeneyi, ballet idikire.

Sunday school ndi madrasa musazichepetse, kwa ana athu ambiri ndi malo okhawo omwe amakumana ndi ana ena a Chimalawi. Abale athu achisilamu ku Mayfair, Fordsburg ndi Lenasia pa ichi anatiposa, mwana akaweruka masana amadziwa kopita. Ku matchalitchi kwathu pemphani kuti nyimbo ndi mavesi ena aziphunzitsa m'Chichewa, osangoti zonse chizungu poti ana sakumva, akamva bwanji ngati palibe akuwayankhula.

Apa ndi pomwe ndikufuna kukhalitsa. Makolo ambiri amandiuza kuti ndimamuyankhula chizungu kuti asakavutike kusukulu, kapena kuti asamadziwike kuti ndi wobwera. Chachiwiricho ndimachimvetsa, tonse tikudziwa momwe zimakhalira mu takisi nthawi zina. Koma chizungu mwana achitola ku kreshi miyezi yochepa, Chizulu ndiye achitola pa msewu inu osadziwa nkomwe, wanga amandimasulira ine zomwe a landilodi akunena. Chichewa chokha ndi chomwe alibe kwina kochipeza koma pakamwa panu. Ndipo tinene zoona, chizungu chomwe ambirife timayankhula ndi ana ndi cha come here, sit down, stop it, pamene m'Chichewa titha kuseka naye, kumufotokozera chifukwa chake, kumuuza za agogo ake ndi munda wa kumudzi. Mwana womva mawu ambiri m'chilankhulo chimodzi savutika kumanga chachiwiri pamwamba pake. Ndinaona agogo ena pa video call akulira, mdzukulu akungoti hi granny nkuthawa, zaka 6 sanachezepo ngakhale kamodzi.

Ndiye pakhomo chitani zomwe anatichitira ife. Magetsi akazima musatukwane, yambani padangotelo, muwaphunzitse kuyankha kuti tili tonse, za Kalulu ndi Fisi zija mukuzikumbukabe, mukaiwala pakati pekani, palibe akudziwa. Phada amangofuna timiyala ndi bwalo lojambula ndi choko pa simenti, ndipo muli kuwerenga ndi kulunjika kwa maso ndi dzanja momwemo. Jingo, fulaye, chibisalirano pa yadi, mpira wa mapepala a pulasitiki. Zitsekero za mabotolo musataye, asanje za mtundu umodzi, awerenge, apange mizere. Posankha nyemba mupatseni mbale yake. Ufa pang'ono, mchere, madzi ndi kadontho ka mafuta mwapanga kale dongo loumbira, poti dothi la kudambo kuno kulibe. Mu takisi mupatseni ndalama apereke kutsogolo, awerenge anthu a pa mpando, atchule mitundu ya magalimoto. Ku Shoprite afufuze chilembo choyamba cha dzina lake pa mapaketi. Foni sindikuti itayidwe, nanenso ndimampatsa ndikafuna kuphika mwamtendere, koma ikhale ndi nthawi yake ndipo podya ndi pogona isapezeke.

Abambo, izi si za amayi okha. Bawo lija mumasewera Lamulungu masana ndi anzanu, kamwana kakabwera musakathamangitse, kapatseni njere kaziika m'maenje kakuwerenga. Amuna anga anayamba kupita ndi ana ku laibulale Loweruka chifukwa ine ndimagwira theka la tsiku, poyamba ankangokhala pakhomo la laibulale ndi foni, pano ndi iwo amene amakangana ndi ana kuti titenge buku liti.

Mtsikana wa ku Zomba uja mwana wake ndi wa March, ndiye January akubwerayu atha kulowa Grade R. Tagwirizana kuti Lachinayi ali off, tiyambira ku polisi kudinda mapepala, kenako masukulu awiri a pafupi kukatenga mafomu, tikatsala ndi nthawi tidutsa ku laibulale ya Rosettenville akatenge khadi. Kalata ya a landilodi wati apempha mawa, lendi walipira dzulo.